Tambala Amene Ndinaiwala Kulandira

Pali anthu ku Area 23 ndi ku Nsungwi amene mpaka lero akangomva dzina la malume Zakeyu amayamba kuseka asanafunse n'komwe kuti kwagwanji. Malume Zakeyuwo ndine. Si dzina langa lenileni ayi, ndipo munthuyo sanabadwepo pa dziko lino, koma manyazi amene anandibweretsera ndi enieni.

Ine ndimameta anthu ku Kawale. Ntchito yathuyi magetsi akazima nayonso imazima, ndiye umangokhala pabenchi n'kumayang'ana minibasi zikudutsa. Tsiku lina mlamu wanga Esnati, mng'ono wa mayi a kunyumba, anandipeza ndikuwodzera dzuwa lili paliwombo.

"Alamu, mukalamba msanga ndi tulo timeneti," anatero. "Bweretsani foniyo ndikulowetseni m'gulupu yathu."

"Gulupu ya chiyaninso? Za mapemphero ndili nazo kale zokwanira."

"Iyi ndi ya sewero. Aliyense amatenga munthu wake n'kumalemba zimene munthuyo akuchita. Tikusowa malume. Ndi pakamwa panupo mukakwanira."

Sewerolo linali la mabanja awiri oyandikana nyumba. Esnati ankalemba mtsikana wina dzina lake Tiyamike, wogulitsa zitumbuwa, amene anali pa chibwenzi ndi mnyamata wa kabaza wotchedwa Mavuto. Ine anandipatsa kukhala malume a Tiyamikeyo, ochokera ku Ntcheu. Mwini gulupu, amene tonse timangoti Adimini, ndi Mayi Nachisale, ogulitsa kaunjika ku Area 23. Ndisanalembe kanthu ananditumizira malamulo. Ulembe za munthu wako yekha, osaika mawu m'kamwa mwa munthu wa mnzako. Pa zochitika zikuluzikulu timalemba mosinthana, aliyense adikire nthawi yake. Uthenga usachepere mizere isanu kuti mnzako apeze poyankhira, komanso usatalike mpaka foni kuudula pakati. Lamulo lalikulu linali lomaliza: chimene sichinalembedwe sichinachitike, ndipo chalembedwa chalembedwa, sitifufuta. Wovuta amatulutsidwa.

Ndinawerenga mothamanga (ndani amawerenga malamulo modekha?) n'kulemba uthenga wanga woyamba monga malume Zakeyu: "Ndafika."

Mayi Nachisale sanachedwe. "Bambo, mwafika kuti? Mwayenda bwanji, mwavala chiyani, anzanu ayankhe zotani? Kuno sitilemba ngati tikuyankha wapolisi."

Zinandipweteka, sindinama. Ine munthu woti kasitomala amabwera kudzameta ndevu n'kuchoka atamva mbiri ya mpira wonse wa m'dziko muno, lero ndinenedwe kuti ndasowa mawu? Mawa lake ndinawaveka malume Zakeyu jekete la bulawuni lothina m'mapewa, chipewa chonunkha fodya, ndi njinga yopanda mabuleki imene amaimitsa ndi chidendene. Anthu anaseka. Wina analemba kuti malumewa ndi ofanana ndendende ndi malume ake enieni. Ngakhale Adimini anati, "Tsopano mwafikadi."

Apo ndi pamene panalakwika. Munthu ngati ine kumuyamikira n'chimodzimodzi kumugulira mowa. Mauthenga anga anayamba kunenepa. Malume Zakeyu sankangokhala pampando, ankayamba afotokoza mtengo umene anapangira mpandowo. Adimini anandichenjeza mwaulemu kuti foni yawo yadula uthenga wanga pakati. Esnati sanasamale za ulemu.

"Alamu, malume anu kumwa tiyi kokha mwalemba ngati ulaliki. Ena tili ndi ntchito."

"Luso silithamangiridwa, mlamu," ndinatero, ndipo ndinkakhulupiriradi zimenezo.

Koma gulupuyo ndinaikonda, nditero. Magetsi akazima sindinkadandaulanso. Ndinapeza abale amene sindinawaonepo nkhope, ndipo kutulutsidwamo kukanandiwawa ngati kuchotsedwa m'kwaya.

Kenako inafika nkhani imene anthu onse ankaidikira: chinkhoswe cha Tiyamike ndi Mavuto. Esnati anakhala akuiluka nkhaniyi kwa miyezi, kuyambira tsiku limene Mavuto anagula chitumbuwa choyamba. Apa ndikuuzeni chinthu chimodzi. Esnati ali ndi mwana, koma chinkhoswe chake chenicheni sichinachitike. Mwamunayo anasowa anthu atagula kale zitenje za yunifomu. Sankayankhula za izo, koma amene timamudziwa tinkaona mmene ankasankhira mtundu wa diresi la Tiyamike ngati kuti akalivala yekha.

Tinapangana Loweruka masana. Aliyense anagula bandulo yake. Zinayamba bwino zedi. Amene ankalemba azimayi ophika anaphika, oimba anaimba. Esnati analemba Tiyamike akutuluka m'nyumba atafundidwa chitenje kumutu, n'kugwada pamphasa pakati pa bwalo. Kenako inali nthawi ya a Chikuse, bambo wina wa ku Nsungwi amene ankalemba malume a Mavuto. Bamboyu sindinamuonepo, koma amalemba mizere isanu yokha basi, yakuthwa ngati lezala. Analemba kuti malume a Mavuto aimirira, tambala ali m'manja, ndipo anena kuti, "Mwana amene tamufuna ndi uyu wagwadayu. Kodi mukutipatsa?"

Ntchito yanga inali yochepa kwambiri. Kulandira tambala, kupereka nkhuku yathazi, kumuvundukula mwana, n'kunena kuti eya. Mwana wa sitandade fayifi akanatha.

Koma magetsi anali atazima, shopu inali zii, ndipo mumtima ndinati lero ndi lero, a ku Nsungwi adziwe kuti ku Kawale kuli olemba. Ndinayamba ndi mmene malume Zakeyu anadzukira ku Ntcheu. Ndinawakweza minibasi, thumba la mbatatesi pamiyendo. Ndinaphulitsa tayala pa Linthipe. Ndinafotokoza kuzizira kwa ku Dedza mpaka ine ndemwe ndinamva tsemwe.

Pa gulupu palibe akanalemba, poti inali nthawi yanga. Onse ankangoona pamwamba kuti ndikulemba. Esnati ananditumizira uthenga kumbali.

"Alamu, mwana wagwada kalekale. Maondo atupa."

"Dekha, ndatsala pang'ono."

Ndinali ndisanafike n'komwe mu Lilongwe. Patapita nthawi anatumizanso wina: "Alamu, m'chitenjemu mukutentha. Mukufuna akomoke?" Sindinayankhe, chifukwa malume anali atangoyamba kulongosola mbiri ya mtundu wathu kuchokera kwa agogo a agogo awo.

Magetsi anayaka, kasitomala n'kulowa. Ndinamukhazika pampando, makina kudzanja ili, foni kudzanja ilo.

"Aise, ukundimeta kapena ukulemba mayeso?" anafunsa akundiyang'ana pagalasi.

"Pepani bwana, kuli chinkhoswe."

"Cha ndani?"

"Cha mphwanga," ndinatero osaphethira. Munthuyo anandifunira mafuno abwino, ndipo mpaka pano akabwera amafunsa ngati banjalo lili bwino.

Atachoka ndinamaliza. Mu uthengamo munali tsiku limene Tiyamike anabadwa, mvula ikugwa. Munali malangizo a banja, za kupirira, za apongozi, za kusunga chinsinsi cha m'nyumba. Miyambi ndinaithira ngati mchere wa munthu wosalawa. Ndinatseka ndi mawu akuti, "Atatero malume Zakeyu anakhala pansi n'kupukuta thukuta ndi chipewa chawo." Ndinatumiza, ndinatsamira khoma, n'kumadikira kuwomberedwa m'manja.

Kunali chete. Ndinati akuwerenga, zawakhudza.

Woyamba kuyankha anali a Chikuse, poti nthawi inabwerera kwa iwo. Mizere isanu, monga mwa masiku onse. Analemba kuti malume a Mavuto anamvetsera mpaka tambala anagona m'manja mwawo. Anamva za tayala la pa Linthipe ndipo anapepesa. Anamva za agogo a agogo ndipo analemekeza. Koma za mwana amene anafunsa sanamve kanthu. Choncho anaimirira, anapanira tambala wawo m'khwapa, n'kuuza anthu awo kuti, "Tiyeni tizipita, kuno atikana mwaulemu."

Ndinabwerera pamwamba pa uthenga wanga n'kuyamba kuufufuza ngati munthu wotaya kiyi wa nyumba. Ndinadutsa Ntcheu, ndinadutsa Dedza, ndinadutsa agogo onse aja. Tambala munalibe. Nkhuku yathazi munalibe. Mawu akuti eya munalibe ngakhale pangozi.

Ndinalemba msangamsanga kuti, "Abale, malume amatanthauza kuti avomera."

"Si nthawi yanu, Bambo," anayankha Mayi Nachisale. "Ndipo lamulo mukulidziwa. Chimene sichinalembedwe sichinachitike."

Anthu a m'gulupu ndi ankhanza mokoma. Aliyense nthawi yake ikafika ankangotsatira zimene zalembedwa. Azimayi ophika anayamba kugawana nyama m'mapoto kuti isawonongeke. Oimba anapinda zingwe zawo. Amene ankalemba Mavuto anamukweza pa njinga yake n'kumuyendetsa osadziwa kopita. Ndinkaona zithunzi za nkhope zoseka zikungotsika ngati matalala. Kenako inafika nthawi ya Esnati. Analemba kuti bwalo linatsala lopanda anthu, koma Tiyamike anakhalabe chogwada pamphasa, chitenje chili kumutu, chifukwa panalibe amene anamuvundukula. Pamenepo kuseka kunatha.

Nditaweruka ndinamupeza Esnati kwathu, atakhala pakhonde ndi mkulu wake. Mayi a kunyumba anali atamva kale zonse, ndipo ankadziluma milomo kuti asaseke.

"Bambo a Tadala," anatero, "pa chinkhoswe chathu malume anu anayankhula mpaka mpunga unazizira. Ndimayesa zinathera pa iwo."

Esnati sanaseke. Anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu kuti, "Alamu, ngakhale cha pa foni chomwe chilephereke?"

Ndinachita manyazi oti sindinawamvepo, ndipo ndinamumvera chisoni mlamu wanga. Ndinapepesa, koma iye anangoti anthu ena akuuza Adimini kuti anditulutse, ndipo iye sanditeteza.

Lolemba m'mawa ndinatseka shopu n'kukwera minibasi kukawafuna Mayi Nachisale ku Area 23. Ndinkayembekeza chimayi chachikulu cha mawu a bingu. Ndinapeza mayi wochepa thupi, wa magalasi, akupinda malaya a ana pa benchi lake.

"Amayi, ine ndine malume Zakeyu."

Anavula magalasi n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndinu inu? Ndimayesa ndinu wamtali."

Ndinayamba kufotokoza. Ndinati nkhaniyi kuti imveke bwino tiyambire pa tsiku limene magetsi anazima. Anakweza dzanja.

"Bambo, mwayambanso. Mukufuna chiyani? Nenani kamodzi."

"Musanditulutse. Ndipo mwana uja akwatiwe."

"Mwaona? Mumatha." Anapinda malaya ena awiri akuganiza. "Kufufuta sitifufuta. Koma malume Zakeyu achita manyazi, ndiye athawira ku Joni. A kuchimuna tikawapepesa, chinkhoswe chichitikanso. Inu muziyankhulira pa foni kuchokera kumeneko, ndipo mukudziwa kuti kuimba kuchokera ku Joni n'kodula. Mzere umodzi pa nthawi yanu, basi."

"Nanga lamulo la mizere isanu lija, Amayi?"

"Limenelo ndinaikira anthu osowa mawu. Inu matenda anu ndi ena."

Ndinavomera (ndikanatani?), ndipo pochoka anandigulitsa kabudula wa Tadala amene sindinkamufuna.

Loweruka lotsatira anthu anasonkhananso. Panapezeka wina wolemba mng'ono wa malume Zakeyu, woti agwire nkhuku m'malo mwawo. Tiyamike anagwadanso pamphasa. A Chikuse anaimiritsanso malume a Mavuto ndi tambala yemwe uja, n'kuwonjezera kuti ulendo uno abwera ndi mpando wawo ndi kamba wa panjira, mwina nkhani italikanso. Kenako analemba kuti foni yalira kuchokera ku Joni, ndipo bwalo lonse lakhala chete.

Zala zinkandiyabwa. Ndinali ndi zambiri zoti ndinene za kuzizira kwa ku Joni. Ndinaluma mano n'kulemba kuti: "Landirani tambalayo, muvundukuleni mwana, tawapatsa."

Gulupu inaphulika ndi nthungululu zolemba. Mng'ono wa malume analandira tambala, anapereka yathazi, n'kuchotsa chitenje chija. Esnati analemba Tiyamike akudzuka, akuseka ndi misozi m'maso. Iye analemba motalika ndithu tsiku limenelo, foni inadula pakati, koma Adimini anakhala ngati sanaone.

Madzulo ake anadutsa pa shopu, mwana wake ali kumsana. Anaima pakhomo n'kunena kuti, "Alamu, chiyambireni lero ndiye mwalemba." Ndinasangalala kuposa tsiku lija anandiyamikira za jekete.

Mpaka pano malume Zakeyu akadali ku Joni, ndipo sindikudandaula. Mzere umodzi uli ndi ubwino wake: makasitomala akumetedwa mbali zonse ziwiri mofanana. Mayi Nachisale anena kuti Tiyamike akadzabereka, malume adzaloledwa kubwera kudzaona mdzukulu, ndipo adzandibwezera mizere yanga. Ndiye magetsi akazima ndimakonzeratu uthenga wa ulendo wobwerera, kuti tsikulo ndisadzachedwetse anthu. Esnati ndamulonjeza kuti ukhala waufupi. Ndaulemba kwa milungu ingapo tsopano, ndipo malume akadali pa mlatho wa ku Tete, akukangana ndi dalaivala za katundu wawo.