Andijambula Bondo Lokha

Lolemba
Ndili kuchipatala, bondo latupa chigwereni panjinga pamsewu wa ku Mitundu. Pulani yanga: andijambule thupi lonse pa ekisireyi, mkazi wanga Nabanda aone yekha kuti msananso ukudwala, asiye kunditcha mlesi. Khasu chaka chino lisandione. Wojambula, mayi wamagalasi, akuyatsa kuwala pamwendo panga. Kenako akupotokola timabatani, kuwala kuja kukuchepa, kukuchepa, mpaka kutsala pabondo pokha. Aa! Umbombo wanji umenewu? Makinawa ndi a kwawo?

Lachiwiri
Mtima sukukhazikika. A Chisale oyandikana nafe anawajambula chifuwa chonse, nthiti mbwee. Ine kabondo basi. Okayikitsa:
mayi wamagalasi
Nabanda
onse awiri, poti nsalu zawo za kwaya n'zofanana.

Lachitatu
Ndabwerera kukadandaula. Mayi uja akuti, "Bambo, cheza cha makinawa si dzuwa loti muziwothera. Chikachuluka chimawononga thupi. Timachichepetsa dala kuti chifike pokhapo alemba adokotala." Mawu okoma bwanji! Munthu akamakubera amalankhula chomwechi.

Lachinayi
Mlamu wanga wa ku Nathenje akuti chipatala china chakumeneko sichiumira. Minibasi, fumbi, mzere. Wojambula wake akutsegula buku langa lakuchipatala: "Anakujambulani kale Lolemba, tikuwonjezereni cheza chifukwa chiyani?" Ndasuzumira mkati, makina akenso ali ndi timabatani tomwe tija. Anaimbirana foni anthuwa, ndithu.

Lachisanu
Zotsatira, Nabanda ali pambali panga. Adokotala akuti fupa lili bwinobwino, pakutha masiku atatu ndizithamanga. Ndikuti, nanga msanawu? Cholembera chawo chikugwa pansi. Ine, chitsiru ine, ndawerama n'kutola msangamsanga. Anachigwetsa dala! Nabanda akuyang'ana kudenga, mapewa akugwedezeka.

Loweruka
Nabanda akunola khasu pakhonde uku akuimba nyimbo ya kwaya. Khasulo ndi langa. Chithunzi cha bondo wakawaonetsa kale apongozi, ndipo akuti ndili ndi mafupa okongola.

Lamulungu
Ulaliki wonse ndili m'maganizo. Akanandijambula thupi lonse, bwenzi chithunzi chikunena kuti thupi lonse ndi labwino, apongozi ali mboni. Mayi wamagalasi wandisiyira khosi, chiuno ndi phewa, zimene palibe anazionapo mkati. Ambuye amudalitse, ngakhale sindikumukhulupirirabe. Mawa ndikumunda, palibe kuchitira mwina. Khosi ndiliyamba Lachitatu.