Jekete Langa pa Chidole cha a Amisi

Anzanga, inu mumandidziwa ngati munthu wa ulemu wake, koma ine ndinakumbatirapo mkazi wovala zamkati zokha, dzuwa likuswa mtengo, apongozi anga akuona. Musafulumire kuseka.

Inali nthawi ya nkhondo, mwezi wa Juni, kuzizira kwa ku Lichinga kuja kolowa mpaka m'mano. Mkazi wanga anapita ku Meponda kukagula usipa, lole yawo inakumana ndi anthu amfuti panjira, ndipo sanabwerenso. Maliro sitinaike, chifukwa panalibe woti timuike. Ndinatsala ndi Esita, mwana wathu wazaka zisanu ndi chimodzi. Apongozi anabwera kuchokera ku Chimbonila, ndipo poti mkamwini ndi apongozi sayang'anana, mawu anadzera mwa mlamu wanga: "Mwana wamkazi saleredwa ndi mwamuna. Mwezi ukatha ndimutenga." Mwana ndi wa kuchikazi, ndikanatsutsa chiyani? Koma mtima unandiwawa, ndinkaopa kutsala ndekha m'nyumba muja ku Chiuaula, ndiye ndinati masiku otsalawa ndionetse kuti kulera ndimatha.

Vuto linali pa sitolo ya a Amisi, panjira yopita kusukulu. Katundu munalibe, koma pawindo panatsala chidole chachikazi chimene Apwitikizi anachisiya, chachikulu ngati munthu, milomo yofiira, dzanja m'chiuno, chitavala kamisolo ndi kansalu kena kosayenera n'kutchula komwe. M'mawa uliwonse Esita ankaima n'kuchiyang'anitsitsa, osaphethira. Ine nkhawa! Mwanayu akuphunzira chiyani apa? Nanga apongozi akamva?

Tsiku lina ndinamuphimba kumaso ndi chipewa. Koma kuti ndidziwe ngati tadutsa, ankayang'ana pawindopo ndani? Ine ndemwe. Amayi amene anali pa bisha, mzere wodikira sopo uja, anayamba kukodolana, wina n'kunena mokweza: "Mwana amutseka kumaso kuti adyetse maso okha!"

M'mawa mwake ndinamusiya Esita pakhomo pa sitolo n'kulowamo.

"A Amisi, chonde chivekeni chinthu chija, pamadutsa ana."

"Ndichiveke chiyani, kamarada? Anthu akuvala masaka, inu mukufunira chidole nsalu? Ngati chikukupwetekani, kachivekeni nokha."

Munthu wanzeru akanatuluka. Ine ndinavula jekete langa, limodzi lomwelo, n'kukwera pawindo, kamalo kopanikiza koti ngakhale kutembenuka simungathe. Poti ndilowetse mkono wa chidole m'jekete, mkonowo unazuka n'kutsala m'manja mwanga, poti ndiubwezere chidole chonse chinandigwera pachifuwa, poti chisaswe galasi ndinachigwira m'chiuno zolimba, tsaya langa pa tsaya lake. Kalanga ine! Nditayang'ana panja, mzere wonse unali utaiwala za sopo. Ndipo kutsogolo kwenikweni kunali apongozi anga, amene nawonso analawirira sopo yemweyo, atamugwira Esita padzanja.

Kwathu mkamwini akaona apongozi panjira amapatuka n'kulowa patchire. Nanga m'galasi mungapatukire kuti? Zaka zisanu ndi zitatu tinali tisanaonane m'maso, ndipo tsiku loyamba linali limenelo, ine nditakumbatira mkazi wa eni, mkono wake uli m'khwapa mwanga. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinadziwa kuti mwana wapita basi.

Ndinangochiimika, kuchiponyera jekete m'mapewa, kumanga mabatani, n'kutuluka nditazolika. Anthu anali akuseka mpaka kugwirana. Esita yekha sanaseke.

"Agogo, ababa awafunditsa!" anatero akuloza chidolecho. "Tsiku lililonse ndimawaona akuzizidwa, palibe wowapatsa kanthu. Kapena kumene kuli amayi nakonso wina awafunditsa."

Kuseka konse kuja kunatha. Pamenepo panalibe munthu wopanda wake amene anatsala kutchire. Ine manyazi anasanduka chisoni, chifukwa masiku onsewa ndinkaganiza kuti mwana akuona umaliseche, pamene iye ankaona munthu wopanda chofunda.

Apongozi anandifulatira monga mwa mwambo, anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu yawo, n'kulankhula kwa mwanayo: "Esita, uwauze abambo ako kuti munthu wofunditsa chidole sangagoneke mwana pamphepo. Ukhala konkuno."

Jekete lija silinabwerere. Ndinayesa kukalitenga, Esita analira, ndiye Julayi yense ndinayenda ndi malaya okha, ndikutsokomola, chidole chili phee pawindo chikumva kutentha. Chiyambire pamenepo, mwana akayang'anitsitsa chinthu ndimayamba ndamufunsa chimene akuona. Ndipo mkazi wa pawindo, ngakhale azizidwe mpaka agwedezeke mano, ine sindidzamukumbatiranso ndisanaone kaye amene ali pamzere.