Tsiku Limene Ndinapalira Pakhomo pa Bwana Nthenga

Linali Loweruka lachitatu la mwezi wa Januwale, nkhondo yaikulu yachiwiri ili m'chaka chake chachitatu, nyengo yopalira chimanga. Mvula inagwa Lachisanu lonse, ndipo Loweruka kunacha ndi mitambo yopyapyala, nthaka ili yofewa ngati phala. Ndalemba zimenezi poyamba kuti wina asadzanene kuti ndinali nditamwa, kapena kuti dzuwa linandizunguza mutu. Zamanyazi zimene ndifotokoze pano ndinazichita ndili bwinobwino, ndi manja anga, ndipo ndinakakamiza anthu ena awiri kuti andithandize.

Ine ndine Aroni Mbewe, telala wa pakhonde ku Fort Jameson. Kusukulu ndinangopondako, kulemba kwenikweni ndinadziphunzitsa ndekha. Ndili ndi buku lachikuto chakuda mmene ndimasunga masiku a maukwati, maubatizo ndi maliro a anthu a mumpingo mwathu, tsiku limene dzombe linafika, ngakhale tsiku limene mbuzi ya a Zulu inaswa ana atatu. Anthu akakangana za tsiku, amabwera pakhonde panga, ndipo mkangano umathera pomwepo.

Tsiku limodzi lokha ndilo silinali m'bukumo: tsiku limene ndinabadwa ine mwini.

Malemu amayi ndikawafunsa ankati, "Unabadwa mvula ikugwa, chimanga chili pa ngaiyaye." Ndikafunsa chaka, ankati, "Chaka chimene atate ako anapsa dzanja." Atate, a Simoni, anali khukhi. Ankapsa dzanja chaka chilichonse.

Mlamu wanga Zakeyo Phiri, mlongo wa akazi anga, anasandutsa nkhaniyi ndiwo yake. Pakakhala anthu ambiri ankayamba mwaulemu.

"Alamu, kodi mbuzi ya a Zulu inaswa liti?"

Ine n'kuyankha mosaphonya.

"Nanga inuyo anakuswani liti?"

Zaka khumi ndi chimodzi ndinapirira funso limeneli.

Atate ankaphikira mzungu wina wolemba mabuku, amene anthu anamutcha Bwana Nthenga chifukwa ankalembera nthenga ya tsekwe pamene anzake onse anali ndi zolembera zachitsulo. Anamanga nyumba yake panjira ya ku Kasenengwa, ndipo ine ndinabadwira kuseri kwa khitchini ya nyumba imeneyo. Bwanayo ankalemba m'buku chilichonse chochitika pakhomo pake tsiku ndi tsiku, ndipo ankalemba m'Chinyanja kuti lilime lake lizolowere. Atamwalira, mwana wake wamkazi, amene tonse tinkangomutchula a Dona, anakamanga nyumba yamalata kutsidya kwa dambo, koma yakaleyo anaisunga monga anaisiyira atate ake. Azungu ankabwera kuchokera kutali kudzaona tebulo limene ankalemberapo.

Ndinalembera a Dona kalata, nditaikonza katatu, kupempha kuti andionetse tsamba la kubadwa kwanga. Yankho linabwera: ndifike Loweruka, nthawi ya teni koloko.

Tinafika seveni koloko. Mitsinje ya dzinja sindiikhulupirira, choncho tinanyamuka mbandakucha pa njinga ziwiri: ine nditakweza akazi anga a Naphiri, ndi Zakeyo amene anadziitana yekha ponena kuti akufuna kukhala mboni.

Nyumbayo ndinachokapo ndili wakhanda, ndipo sindinkaikumbukira. Akuti anaimanga motsanzira nyumba zamakedzana za kwawo: makoma oyera, mitanda yakuda yopingasa poyera ngati nthiti za ng'ombe yowonda, denga laudzu lotsika, mawindo ang'onoang'ono, ndi chitseko chachifupi choti mfumu ndi kapolo yemwe alowe chowerama. Khoma limodzi linali lopendekeka. Zakeyo anati mmisiri wake anali woledzera. Pambuyo pake ndinamva kuti analipendeketsa dala. Chitseko chinali chokhoma, ndipo panalibe munthu.

Koma chimene chinandiwawa mtima ndi pabwalo.

Bwalo panalibe. Kuyambira pa mpanda kufikira pa khoma panali thengo lokhalokha: zomera zazitali ndi zazifupi zopiringizana, zina zotuwa, zina zamaluwa, zina zitagwera m'kanjira, popanda mzere ngakhale umodzi. Pamwamba pa chitseko panali chitsamba chaminga, tsinde lake ngati mkono wanga, chitakwera mpaka kulowa m'denga. Kwathu kuno, pakhomo potero timati eni ake onse anatha. Ndipo apa panali pakhomo pa munthu wamkulu, wolemba mabuku, amene mwana wake ali moyo kutsidya kwa dambo.

Kuseri kwa nyumba ndinapeza makasu awiri, chikwanje ndi tsache. Ndinavula jekete.

"Bambo a Esinati," anatero a Naphiri, "tiyeni tikhale pamthunzi tidikire eni ake."

"Mayi, munthu wodzapempha chinthu chachikulu sakhala pamthunzi."

"Ndinakuuzani kuti titenge nkhuku."

"Nkhuku mzungu ali nazo. Chimene alibe ndi munthu womulambulira pakhomo pa atate ake. Kodi kumanda kwa amayi anu timasiya chotere?"

"Kumanda kwa amayi anga ndi kwathu. Pano ndi pa eni."

Ndinawayankha kuti ulemu ulibe malire a mudzi, ndipo ndinapatsa Zakeyo khasu. Anagwetsa kawiri, kenaka anatola chimene anazula n'kuchinunkhiza.

"Alamu, zinthu izi zikununkhira ngati sopo wa kusitolo. Udzu sununkhira chotere."

"Mpungabwi nawonso umanunkhira. Kodi mumaulima pakhomo panu?"

"Ine ndangonena. Wodziwa zinthu ndinu."

Pamene tinkapalira ndinapeza timatabwa tating'ono tozikidwa pansi, tolembedwa mawu ofufutika a chinenero chimene sichinali Chingerezi. Munthu wina akanaima pamenepo n'kuganiza. Ine ndinaganizadi, ndipo ndinatsimikiza kuti ndi zikhomo zimene amisiri anaiwala. Popeza dzina lolembedwa sindilitaya, ndinakopera mawu onse m'buku langa, kenaka ndinazula timatabwato n'kutimanga mtolo umodzi, tatitali pansi, tatifupi pamwamba.

Nthaka inali yofewa, monga ndanena kale. Zinthu zinkazuka ndi mizu yomwe, mosavuta, ngati zikundithokoza.

Chotsala chinali chitsamba cha pachitseko. Nditayandikira chinandikola malaya n'kung'amba paphewa, malaya osoka ndekha.

"Chimenecho chisiyeni," anatero a Naphiri. "Taonani maluwa ake kukongola."

"Kankhande nayenso amachita maluwa. Ichi chikuoletsa denga, chikuitana njoka, ndipo tsiku lina chidzabaya mlendo m'diso."

Ndinachidula ndi chikwanje. Zakeyo anachikoka kuchokera m'denga, ndipo chinatsika ndi udzu wokwana mtolo. Popeza minga imaphukanso ukasiya chitsa, ndinakumba mpaka muzu womaliza. Ntchito ya theka sindiidziwa.

A Naphiri anaima potero atapinda manja. Koma ataona mmene Zakeyo ankasesera, mtima sunawalole. Anamulanda tsache, nasesa bwalo lonse mpaka dothi lofiira linawala, nasiya mizere ya tsache yokhotakhota ngati ya pa tsiku laukwati. Zozula zonse tinaunjika kunja kwa mpanda, mulu wofika m'chiuno.

Patatsala mphindi khumi ndi zisanu kuti teni koloko ikwane, tinasamba m'manja, ndinavala jekete kubisa pong'ambika, ndipo tinaima mondondozana pakhomo. Sindibisa: ndinali kukonza mumtima mawu okanira mphatso.

Woyamba kufika anali mkulu wina waimvi, akukankha wilibala yodzaza manyowa. Awa anali a Tembo, wosamala mundawo. Atafika pa mpanda anaima. Wilibala inagwera cham'mbali, ndipo sanaiyang'ane n'komwe.

"Kodi kwalowa ng'ombe?"

"Iyayi, bambo, ndife. Musavutike n'kuthokoza."

Anayang'ana bwalo, anayang'ana mulu, anayang'ana ine. Kenaka anakhala pansi m'matope momwemo.

"Ng'ombe bola," anatero. "Ng'ombe imasiya mizu."

"Pepani, bambo, koma panali thengo."

"Thengo? Mwana wanga, thengo limeneli ndalithirira ndi madzi a pamutu chilimwe chilichonse kuyambira ndili ndi tsitsi lakuda. Mbewu zake zinabwera pa sitima ya pamadzi. Bwana ankafuna zimere chosakanizika, monga kwawo. Ndikayika mzere ankandikalipira." Anaona mtolo wa timatabwa. "Nanga mayina awo mwawatani?"

"Ali bwino onse. Ndawakopera."

"Mwakoperanso pamene lililonse linaima?"

Ndinayang'ana m'buku langa. Zimenezo sindinakopere.

Ndinati mwina tibwezeretse zina msanga, koma Zakeyo analoza kudambo ndi mlomo. A Dona anali kubwera, atavala chipewa chachikulu, atanyamula buku lokulungidwa m'nsalu kuopa chinyezi.

Analowa pa mpanda akumwetulira. Kumwetulirako kunatha pang'onopang'ono, monga madzi athera mumphika wobooka. Sanakuwe. Akanakuwa bwenzi zili bwino. Anayenda mpaka pachitseko, anayang'ana dzenje limene ndinakumba, anayang'ana khoma loyera lopanda kanthu, kenaka anafunsa m'Chinyanja chomveka bwino, pakuti anabadwira konkuno.

"A Mbewe ndi ati?"

Zakeyo anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, kuti pasakhale chikaiko.

"Ndine, Dona. Tinaona kuti pakhomo pa malemu..."

"Mwaona bwino. Ine ndakhala masiku atatu ndikufufuza m'mabuku a atate kufuna tsamba lanu. Nditalipeza ndinakondwa kwambiri. Ndinauza a Tembo kuti munthu ameneyu ndidzamuimika pansi pa duwa la pachitseko, ndimuwerengere pomwepo." Anatsegula buku pamene anaikapo chizindikiro. "Imani apo. Pafupi ndi dzenje lanulo."

Ndinaima. Anawerenga.

"Lachinayi lachiwiri la Febuluwale. Mvula. Lero ndabzala pachitseko kamtengo ka duwa kochokera m'munda wa amayi anga, kamene kayenda ulendo wonse wa panyanja m'chitini. Mkazi wa Simoni khukhi wabala mwana wamwamuna. Onse awiri akuoneka ofooka, kamtengo ndi mwana. Sindidziwa amene adzapulumuke."



"Tsopano tadziwa," anatero Zakeyo.

A Naphiri anamuponda phazi, koma mawu anali atatuluka kale.

Apa ndiye ndinachita cholakwa chachikulu kuposa cha khasu. Munthu wanzeru akanagwada. Akanawomba m'manja, akanalira, akanalonjeza kutunga madzi zaka zisanu. Koma ine ndinali nditamva tsiku, ndipo dzanja langa linapita lokha kuthumba. Pamene ndinkazindikira, pensulo inali italemba kale: Lachinayi lachiwiri, Febuluwale. Chaka sanachitchule. Chinali pachikuto, ndipo chikuto chinali m'nsalu.

"Pepani, Dona," ndinatero. "Chaka chiti?"

Anandiyang'ana nthawi imene munthu angawerenge kufikira khumi. Kenaka bukulo linatsekeka, phwa!

"A Tembo, aonetseni alendo njira. Muwalande makasu poyamba."

Pobwerera a Naphiri anakana kukwera njinga yanga. Anakwera ya mlongo wawo. Tili pa mtsinje wachiwiri ananditembenukira n'kunena mawu amodzi okha: "Nkhuku."

Ndinalemba makalata anayi opepesa, iliyonse yokonzedwa katatu. M'yachiwiri ndinatumizamo mayina onse a pa timatabwa, olembedwa bwino motsata zilembo. Sanayankhe ngakhale imodzi. Ndayesa kuwerengera chakacho pandekha, koma Lachinayi lachiwiri la Febuluwale limabwera chaka chilichonse, monga kupsa kwa dzanja la atate. M'buku langa lachikuto chakuda, pa dzina la Aroni Mbewe, pali tsiku, pali mwezi, ndipo pali mpata.

Zakeyo funso lakale lija analeka. Tsopano pakakhala anthu ambiri amafunsa mwaulemu womwewo kuti, "Alamu, kodi mnzanu wobadwa naye tsiku limodzi uja ali bwanji?"

Chimene ndinaphunzira ndi ichi: pakhomo pa eni, pakamwa pazifunsa khasu lisanagwe.

Amene analipo tsikulo ndi awa:

Aroni Mbewe, telala, mwini mlandu.

A Naphiri, akazi anga, amene anachenjeza katatu ndi kusesa kamodzi.

Zakeyo Phiri, mlamu wanga, mboni yosaitanidwa.

A Tembo, wosamala munda, ndi wilibala yawo.

A Dona, mwana wa Bwana Nthenga, ndi buku limene sindinalionenso.

Duwa la pachitseko, lobadwa Lachinayi lachiwiri la Febuluwale, chaka chosadziwika. Lomwalira Loweruka lachitatu la Januwale, nthawi ya naini koloko, m'manja mwa mnzake.