Kanyenyezi ka Pamwamba pa Denga la Apongozi

Lolemba
Apadiri a ku misau, ku mishoni ya Fonte Boa, andibwereka chimpope chamkuwa choonera kutali. Akuti mphunzitsi amene apeze kanyenyezi kena ka kummwera, n'kuwalozera Loweruka madzulo, ndiye akaphunzitse ku misau. Kumeneko kuli nyumba yanjerwa. Ine chikamwini chandikwana. M'mudzi muno ngakhale nkhuku sizindipatukira.

Zoti ndiloweze pamtima, papepala limene Apadiri andipatsa: n'koyera, n'kozilala, koma n'kakakulu kuposa dzuwa, n'kotenthanso kuliposa. Kuyerako n'chifukwa cha kutentha, ngati chitsulo pachipala. Kuwala kwake kunanyamuka agogo asanabadwe. Kungowerenga kokha ndatopa.

Lachiwiri
Dzuwa langolowa. Ndaima pankhokwe, pepala la Apadiri m'manja. Kummwera ndi kuti? Kumene kuli nyumba ya apongozi anga aakazi. Ha! Anthu oti tikakumana panjira ine ndimapatukira kutchire, maso pansi. Ndikweza chimpope mwakabisira. Zimene ndikuona: denga, maungu padenga, utsi.

Lachitatu
Anthu atentha tchire, akusaka mbewa. Kumwamba utsi wokhawokha. Ku sikola ndiyesa kufotokozera ana za kanyenyezi kaja. Wina akuti, “Apulofesolo, ngati n'kotentha choncho, bwanji kuno tikufa ndi chisanu?” Ndimuuza kuti kali kutali. “Nanga ntchito yake n'chiyani?” Ndawatuma onse akasese pabwalo.

Lachinayi
Utsi wachepa. Chimpope n'cholemera, ndiye ndichitsamiritsa pamphanda. Chawerama chokha. M'galasi mwadzaza nkhope ya apongozi, akusankha nyemba pakhonde, pafupi ngati ndiwakhudze. Nawonso andiona. Lichero uko, iwo m'nyumba, chitseko pha. Nyenyezi ayi. Mkazi wanga sakundilankhula.

Lachisanu
Amalume a mkazi wanga afika m'mamawa, mpando akana. “Aphunzitsi, mwayamba liti kukoka apongozi ndi chitsulo kuti muwayang'ane m'maso?” Ndifotokoza za kuyera, za kutentha, za kutalika. Akumvetsera mwaulemu mpaka ndamaliza. Mlandu wathera apa: tambala mmodzi, kugalauza dimba lonse la apongozi, ndiponso ine ndi chimpope changa tisadzalozenso maso kummwera m'mudzi muno.

Mkazi wanga watsegula pakamwa tsopano: “Kodi kumpoto kulibe nyenyezi?”

Tsiku lonse khasu. Sikola yatsekedwa.

Loweruka
Njinga mpaka ku Fonte Boa, matuza m'manja, msana uli gwa. Madzulo aphunzitsi tonse tafola kuseri kwa tchalitchi. Ndiyamba ine. Ndiloza nyenyezi ina yowala bwino, yooneka yaulemu wake. Apadiri akuti, “Imeneyo ndi yofiira, mwana wanga.” Ndiwalakatulira zonse zija, osaphonya liwu. “Ukukadziwa bwino, koma sunakaone.”

Mnzanga wa ku Lifidzi, wosakwatira, wopanda apongozi mbali iliyonse ya thambo, waloza kamodzi basi. Nyumba yanjerwa ndi yake. Chimpope ndabweza. Zandiwawa, ndisaname.

Lamulungu
Misa. Masana fungo la tambala wanga likuchokera kwa apongozi. Kwathu ndiwo ndi nyemba, mwina zomwe zija zinatayika.

Madzulo thambo layera mbee, utsi palibe, ngati likundiseka. Takhala pakhonde ndi mkazi wanga, ine nkhope kumpoto monga mwa lamulo. Dzulo ndinaona pamene mnzanga analoza, ndiye ndimulangiza mkazi wanga poyang'ana. Afufuza, afufuza.

“Kalipo,” akutero. “Pamwamba penipeni pa denga la amayi. Kakang'ono, koyera. Kameneka ndiko mwatayira tambala?”

Ndimuuza kuti asakanyoze. Kuno kakuoneka kachabechabe, koma kwawo n'kakakulu, dzuwa silingafikepo.

“Inunso mumatero mukamanena za kwanu.”

Sindicheuka. Mawa kudimba.