Malisiti a Amalume Thawin

Mabaht 9,000 pa chaka. Imeneyo ndiyo ndalama imene amalume Thawin ankasiyira boma mwadala, ndipo inayenera kukhala yanga. Aliyense mumsika waukulu wa m'tauni ya Nakhon Sawan akudziwa kuti mkuluyu anali wopatsa moti ukawayamikira malaya umabwerera kunyumba utawanyamula. Chimene ndikudziwa ine ndekha n'chakuti pa zaka zitatu zathunthu sanapereke ngakhale kamodzi m'njira imene a msonkho angaione.

Sanali amalume anga enieni, msika wonse unkangowatchula choncho. Ankagulitsa nsomba zouma ndi msuzi wa nsomba wa m'mabotolo kwa opikula, pa benchi yachitatu kuchokera pachipata. Ine, Namfon, ndimagulitsa machaja ndi zikwama za mafoni pa katebulo kopinda kunja kwa chipatacho, pomwe mvula ikangoyamba ndimathawa ngati wakuba. Benchi ya mkati imafuna chikole cha mabaht 25,000, ndipo ndalama yotere sindinaigwirepo pamodzi.

Tsiku lina anandipeza ndikulembera mayi wina fomu ya msonkho pa foni.

"Iwe Kamakina," anatero, pakuti dzina langa sankalifuna, "uziwerengeranso za ine. Chilichonse ungalande m'kamwa mwa boma, n'chako."

Ndinawerenga pomwepo. Tikachotsa zonse zololedwa, amalume ankatsala ndi mabaht pafupifupi 600,000 okhometsedwa msonkho. Zimene munthu wapereka ku kachisi, ku sukulu kapena ku chipatala amaloledwa kuzichotsapo mpaka gawo limodzi mwa magawo khumi, ndiye kuti 60,000. Pa mlingo wawo boma limatenga 15 pa 100 iliyonse. Zikwana 9,000. Zaka zitatu, 27,000. Benchi, ndi 2,000 yotsala ya chikwangwani. Ndinasankhiratu ndi mtundu wa penti.

Mwezi wa Malichi, wopereka mafomu a msonkho, utafika anandibweretsera chitini cha mabisiketi chodzaza malisiti. Ndinatsegula loyamba: Bunruean. Lachiwiri: Bunruean. Lachisanu ndi chinayi: Bunruean.

"Amalume, Bunruean ndani?"

"Mkazi wanga."

"Amene anamwalira zaka khumi zapitazo?"

"Ndili ndi wina?"

"Lisiti liyenera kukhala m'dzina la wokhoma msonkho. Akufa sakhoma msonkho!"

"Ukuona? Mayi uja anali wochenjera kuyambira kale."

Ndinawafotokozera kuti akhoza kulemba dzina lawo, madalitso n'kuwatumiza kwa malemu ndi pemphero monga amachitira anthu onse. Anapukusa mutu. Akuti Bunruean sankakhulupirira chinthu asanachione papepala, ndipo sakanayamba lero. Pansi pa chitini ndinapeza lisiti limodzi la dzina lina, Daeng. Ndinafunsa mwachiyembekezo ngati linali dzina lawo la paubwana. Anali galu wawo amene anagundidwa ndi lole.

Chaka chimenecho ndinapeza ziro.

Chaka chachiwiri ndinawalembera dzina lawo pa katoni ndi zilembo zikuluzikulu, n'kukhoma pamwamba pa sikelo. Analonjeza. Ndipo anasungadi lonjezo, pakuti Malichi atabweranso mapepala onse anali a Thawin. Loyamba linali kalata yothokoza yochokera ku chipatala cha boma, chifukwa cha mafani makumi anayi.

"Mafani?"

"M'chipinda cha amuna muja mumatentha ngati mu uvuni. Ndinapita kukaona mnzanga, ndinatuluka nditapsa mbali imodzi."

"Amalume, munthu payekha amachotsa ndalama zokha, osati katundu. Mukanapereka ndalama ku chipatala chomwecho zikanawerengedwa kawiri. Kawiri!"

"Odwala akanamadzikupiza ndi ndalamazo?"

"Chipatala chikanagula mafani!"

"Pambuyo pa misonkhano isanu ndi iwiri. Mnzangayo akanaphikika."

Pepala lachiwiri silinali pepala konse. Linali chidutswa cha bokosi la fodya, cholembedwa ndi munthu wa kophera nyama: njati yoweta imodzi, yaikazi, yawomboledwa. Amalume anaiona pa lole ikupita kokaphedwa, akuti inawayang'ana ngati mlamu wawo, ndipo anaigula n'kuipereka kwa mlimi wina.

"Fomuyo ilibe malo a njati?" anafunsa.

"Ilibe."

"Fomu yosauka."

Ziro wachiwiri. Chaka chimenecho mvula inandinyowetsera machaja a mabaht 3,000, ndipo nthawi zonse ndikathawa ndi katebulo kanga ndinkaganiza za njati ija ikudya udzu mwamtendere.

Chaka chachitatu ndinati sindidikiranso Malichi. Pa 30 Disembala, kutatsala tsiku limodzi kuti chaka chitsekeke, ndinatseka malonda masana, ndinawawerengetsa mabaht 60,000 pamaso panga, ndinaika mu envelopu, n'kunena kuti tipitira limodzi ku kachisi. Ndi ulendo wa mphindi khumi wapansi. Ndinkaganiza kuti m'mphindi khumi palibe chingaonongeke.

Pa kona yoyamba tinakumana ndi mayi wogulitsa nthochi zokazinga amene ngolo yake inapsa. Envelopu inatseguka.

"Amalume, kupatsa munthu m'manja sikuwerengedwa!"

"Mayi, mwamva? Simukuwerengedwa. Landirani msanga."

Pa kona yachiwiri panali woyendetsa njinga yamoto amene mwana wake ankadikira opaleshoni. Pafupi ndi mlatho panali munthu amene ngakhale amalume sankamudziwa, koma akuti nkhope yake inali ya ngongole. Tinalowa pachipata cha kachisi ndi mabaht 22,000. Ndinawerenga m'mutu: 3,300. Si benchi, koma ndi miyendo yake.

Pakhoma panali kachikwangwani kojambula ndi foni, kamene kamatumiza dzina lako ndi ndalama zako ku ofesi ya msonkho nthawi yomweyo. Ndinawaonetsa mokondwa kuti apa ngakhale lisiti silifunika.

"Ndiye kuti boma limva Buddha asanamve?"

"Amva limodzi."

"Ayi. Pali ulemu wake."

Ndinawakhazika pa mpando, ndinawauza kuti asasunthe, n'kuthamanga kukaitana mlembi wa kachisi ndi buku lake la malisiti. Nditabwera naye ndinawapeza ali chilili pafupi ndi bokosi la zopereka, lachitsulo, lokhoma ndi maloko awiri, manja ali kumbuyo.

"Envelopu ili kuti?"

"Yaterereka."

Mlembi anaseka mpaka anakhala pansi. Ine sindinaseke. Ndinawauza pamaso pa amonke kuti kupatsa kwawo n'kosavuta chifukwa amagona m'nyumba yosadontha, kuti aliyense m'tauni muno walandira kanthu kwa iwo mpaka njati, kupatula munthu amene wawagwirira ntchito zaka zitatu.

"Kamakina," anatero, "ukakwiya umawerenga bwino kwambiri."

Januwale yense sindinawapatse moni. Ankadutsa pa katebulo kanga m'mawa uliwonse n'kufunsa mtengo wa chaja, ngakhale foni yawo inali ya mabatani yosafuna chaja changa. Ndinkayankha mtengo wokha. Sabata yachiwiri ya Febuluwale sanadutse. Anamwalira mwadzidzidzi, mtima wawo unaima ali pambali pa sikelo, akuwonjezera nsomba ziwiri zaulere kwa kasitomala.

Pa tsiku lowotcha mtembo kachisi anadzaza mpaka kumsewu. Mayi wa nthochi anabwera, wa njinga yamoto anabwera ndi mwana wake akuyenda yekha, anamwino anabwera atatu. Mlimi uja anabwera ndi njati, ataimanga nsalu yakuda pa nyanga, ndipo inadya maluwa a nkhata ziwiri anthu asanaione. Ine ndinaima kumbuyo ndi manyazi anga. Kumeneko n'kumene anandipeza mayi Sunanta, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya boma ya kuseri kwa msika.

"Ndiwe Namfon? Ndakhala ndikukufuna. Lisiti lako ili."

Linali lisiti lenileni. Ndalama, osati katundu. Sukulu ya boma, yowerengedwa kawiri. Chidindo, tsiku la 9 Januwale, mabaht 15,000. Chilichonse chimene ndinawaphunzitsa zaka zitatu chinali pamenepo, chopanda cholakwika. Dzina lokha ndilo linali langa, lonse, ndi nambala ya chitupa changa imene amalume anaikopera pa mafomu awo, pomwe ndinkasaina monga wowalembera.

"Amalume Thawin anati ndi malipiro ako a zaka zitatu," anatero mayi Sunanta, "ndipo wasankha kugulira ana madesiki. Tikuthokoza kwambiri, mwanangu."

Ndasankha! Ndinalira pomwepo, ndipo mpaka lero sindikudziwa kuti misozi ingati inali ya chisoni, ingati ya mkwiyo. Pakuti ine sindikhoma msonkho. Zimene ndimapeza pa katebulo kaja sizifika pamene boma limayambira kutenga. Kuchotsa 30,000 pa msonkho wa ziro kumatsala ziro. Ndipo amalume ankadziwa, chifukwa ndinawauza ndekha kangapo. Kuseri kwa lisiti analemba ndi pensulo, zilembo zopendama: "Limagwira mpaka Disembala. Fulumira."

Msika tsopano uli zii, ngakhale phokoso ndi lomwe lija. Sikelo zonse zikuyeza ndendende. Opempha amafika pa benchi yachitatu, amaima pang'ono, n'kupitirira. Palibe wondifunsa mtengo wa chinthu chimene sakufuna, ndipo Malichi akubwera popanda chitini cha mabisiketi choti chindipweteke mutu. Katoni ya dzina lawo ikadali pamwamba pa sikelo, palibe amene walimba mtima kuichotsa.

Ndawerenga. Kuti 30,000 yonse ilowe, ndiyenera kutsala ndi mabaht 300,000 okhometsedwa msonkho chaka chino, ndiye kuti 30,000 mwezi uliwonse kwa miyezi khumi. Ndikakwanitsa, lisitilo lindipulumutsira mabaht 1,500 okha. Ndikudziwa kuti n'zopusa. Koma lisiti limodzi lokha lolondola limene munthu uja analembetsa m'moyo wake silingathere m'chitini.

Machaja sangandifikitse kumeneko, nsomba zouma zikhoza. Mwana wawo Wilai amagwira ntchito ku Bangkok ndipo safuna kununkha nsomba. Ndakambirana naye maola awiri, wavomera kundibwereka benchi mpaka Disembala popanda chikole, lendi mwezi ndi mwezi. Opikula khumi ndi anayi mwa makumi awiri anena kuti apitiriza kugula. Lolemba m'mawa ndikatenga makiyi, ndipo Lachiwiri ndikupita kwa asodzi kukaitanitsa makilogalamu 200 oyamba.