Nkhata ya Nkhuyu ya a Gwedeza

Mwambi uwu unayamba motere, ana inu, ndipo wotsutsa akafunse a Gwedeza, ngati angamuyankhe.

Pamsika wa Mtenthera wojambula zithunzi anali mmodzi yekha, a Gwedeza. Kamera yawo sinkachoka pakhosi ngakhale popita kuchimbudzi. Akakuimika pansalu yawo yojambulidwa ndege, ankakukonza chibwano, kukuwongola mapewa, kenako: "Musagwedezeke! Musaphethire!" Unkauma ngati chitsa mpaka miyendo kuchita dzanzi.

Tsoka lawo linabwera pamene Felesiya, mayi woluka tsitsi, anagula foni ya tachi. Iyeyu analibe nsalu ya ndege. Ankagona pafumbi n'kujambula wogulitsa tomato, chithunzi n'kutuluka ngati munthuyo wasenza dzuwa m'dengu. Mtsikana wina anamuveka nkhata ya maluwa n'kumujambula nkhope ikuoneka m'beseni la madzi. Msika wonse unakhamukira kwa Felesiya.

A Gwedeza anayamba kuwonda.

"Foni ndi yoimbira!" ankatero. "Munaonapo munthu akulima ndi supuni?" Koma anthu akamaonetsana zithunzi za Felesiya, iwo ankasuzumira chakumbuyo.

Ndiye kunagwa chinkhoswe cha Jenala, mwana wamkazi wa aphunzitsi. Amayi ake anaitana a Gwedeza ndi Felesiya n'kunena kuti, "Nonse awiri mubwere. Amene chithunzi chake chikome, ukwati adzajambula ndi iyeyo."

A Gwedeza anaona kuti mwayi uwu akauphonya, dzina lawo latha. Anabisa kamera, n'kubwereka foni kwa mlamu wawo, kenako anandipeza.

"Achimwene, maluwa mayi uja anaveka kale anthu. Chofiira kuposa maluwa n'chiyani?"

Ine ndinangoyang'ana kumkuyu wa kudambo. Kuyang'ana si mlandu.

Tsikulo anatulukira ndi nkhata ya nkhuyu zakupsa, zofiira psuu. Anthu anati, "Eee, koma a Gwedeza!" Iwo chifuwa patsogolo, anaikhazika pa wigi yatsopano ya Jenala.

Felesiya anawanong'oneza, "Bambo, mwaswako imodzi n'kuona m'katimo?"

"Mwaimva nsanje?" anatero a Gwedeza mokweza. "Kaluke tsitsi uko, mwanawe!"

Foni imajambula kamodzin'kamodzi, koma chizolowezi sichimva. A Gwedeza anamukonza Jenala chibwano. Anabwerera m'mbuyo. Anagwada, mawondo akulira. Anagona pafumbi monga amachitira Felesiya, n'kuyamba kusaka podina, akungodinadina paliponse. Dzuwa nalo likuwotcha nkhuyu zija.

"Malume," anatero Jenala mano ali gwa, "chinachake chikuyenda."

"Musagwedezeke!"

"Chalowa m'khutu!"

"Musaphethire! Wani... thuu..."

Firii sanafike. Jenala anakuwa, nazula nkhata pamodzi ndi wigi, n'kuponya. Zinakatera pamiyendo ya apongozi ake aamuna. Nyerere zinati mbwee! Ankhoswe a mbali zonse anavina popanda ng'oma, wina mpaka kuvula jekete.

"Koma ndajambula!" anakuwa a Gwedeza ali chigonere. "Taonani kaye, ndajambula!"

Amayi a Jenala analanda foniyo. Munali zithunzi khumi ndi ziwiri, zonse mphuno za a Gwedeza, chifukwa foni nthawi yonseyi inkayang'ana kwa iwo.

Felesiya anangotembenuza foni yake. Pamenepo panali mkwati akuchotsa nyerere m'tsitsi lenileni la Jenala, awiriwo akuseka mpaka misozi.

"Ukwati ndi wako, Felesiya," anatero amayi aja.

A Gwedeza anadzuka n'kudzisasa fumbi. "Komatu nkhata yanga inali yokongola," anang'ung'udza. "Nonse munaiyamikira."

Azakhali a Jenala, akudzikandabe m'khosi, anatola nkhuyu imodzi, naiswa ndi zala, n'kuwaikira pamphuno pomwe.

"Inali yokongoladi, bambo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."