Buda Wogona wa Abama

Lolemba, 11 Novembala 1996

Kwatsala sabata imodzi! Lolemba likubwerali ndikukwera ndege kupita ku Bama, dziko limene pa tikiti alemba kuti Myanmar. Ndikulemba apa kuti nanenso ndikhulupirire.

Kunja mvula, ija ya ku Erdington kuno kwa Azungu, yosadziwa kugwa kapena kuleka. Kufamase kumene ndimagwira ntchito aliyense wavala duwa lofiira pachifuwa, kukumbukira asilikali a nkhondo yapadziko lonse. Mayi wogulitsa maluwawo akundifunsa ngati ndikudziwa tanthauzo lake. Ndangomwetulira. Bambo anga anamenya nawo nkhondo imeneyo ku Bama, mayi inu, ndipo mpaka lero kwathu ku Dowa palibe amene amawatchula dzina lawo lenileni. Onse amati Abama.

Si dzina laulemu ayi. Anabwerako ndi nkhani zitatu: chigwa chodzaza akachisi ngati zulu za chiswe, nsanja yokutidwa ndi golide kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndi fano la Buda logona cham'mbali, dzanja kutsaya, lalitali kuposa tchalitchi chathu. Mudzi wonse unafa ndi phwete. Mpaka pano mwana akanama amamuuza kuti, "Wayamba za Abama." Ndakula ndikumva kuseka kumeneko, ndipo kumandiwawabe.

Tsopano kabuku ka ulendo kali pathebulo panga. Zonse zilimo! Akachisi a ku Bagan, nsanja yagolide ya ku Yangon, ndi Buda mwini wakeyo, chigonere. Cholinga: ndikaima pafupi ndi phazi lake, wina andijambule, chithunzi ndichikulitse, ndichiike m'felemu, chikapachikidwe pakhonde ku Dowa. Aliyense wodutsa ameze malovu.

Zokonzeka:
kamera yatsopano
mafilimu
masilipasi, poti m'kachisi salowa ndi nsapato
mankhwala a malungo, ndadzigulitsa ndekha
pasipoti, ikadali kwa eni viza, akuti ifika

Palibe amene akudziwa. Dzulo kutchalitchi ku Smethwick ndinangouza Amayi Gondwe kuti andichotse pa ntchito yophika tiyi masabata awiri, ndili ndi kaulendo. Basi.

Lachiwiri, 12 Novembala

Ndikuchokera kuntchito, pakhomo pali Amayi Gondwe omwewo, namwino wa ku Tipton, mkulu wa amayi kutchalitchi. Dzanja lino ambulera, linalo chikwama chachikulu chija cha mizeremizere.

"Tamva, tamva! Mumafuna kutizemba eti? Ndi ka parcel kakang'ono chabe, ka mayi anga ku Area 18. Sikalemera, just a few things."

M'kakang'onomo muli:
bulangeti
ketulo yamagetsi
nsapato za anthu osiyanasiyana
suti ya mkwati wina amene sindimudziwa

Ndikutsegula pakamwa kuti ndinene kuti sindikupita kumudzi. Iwo ali kale kukhitchini, akudzithirira tiyi, akundiyamikira kuti ndine mwana wabwino wokumbukira makolo. Akuti zaka zonsezi osapitako, anthu anayamba kulankhula. Mapeto ake ndalandira chikwamacho.

Vuto ndi lakuti lamuloli ndikulidziwa. Mmalawi akakwera ndege ndiye kuti akupita kumudzi, kwina n'kuti? Ndipo sutikesi ya wopita kumudzi si yake, ndi ya mtundu wonse. Nanenso ndinasenzetsapo anthu majuzi ndi mawotchi. Chaona mnzako chapita.

Mawa ndiwaimbira foni. Mawa ndithu!

Ndikuwerenga kabuku kuti mtima ukhale pansi. Akuti ku Bagan munthu udzuke kusanache, ukwere pamwamba pa kachisi, uone dzuwa likutuluka. Kuno dzuwa sindinalione chiyambire mwezi uno.

Lachitatu, 13 Novembala

Belu la pakhomo latentha lero. Abwera:

Ana asukulu awiri a ku yunivesite, ndi zithunzi zawo za mikanjo ndi zipewa, m'mafelemu agalasi. Akuti ndinyamule m'manja.

Mayi wina wa ku Cape Hill amene sanandipatseko moni chaka chonse. Lero akunditchula kuti sisi. Wasiya makina osokera.

A Zulu a ku Zambia, ndi chitsulo cha galimoto chokulungidwa m'nyuzi, chikudontha oilo pakapeti ya eni nyumba. "Chipata ni pafupi chabe na Mchinji, sisi. Brother wanga azabwela kutenga."

Mwana wawo wayang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti, "Auntie, your house looks like a shop." Ndamuyankha m'Chichewa. Wandiyang'ana ngati ndine wailesi yosokonekera.

Sutikesi yanga sikuonekanso. Ili penapake pansi pa bulangeti.

Ndalimba mtima, ndaimba ku Tipton kwa Amayi Gondwe, ndanena zonse. Kenako mafunso, limodzilimodzi ngati kuchipatala:

"Ku Burma kuli ndani?"

"Ndi maliro?"

"Ndi training ya kuntchito?"

"Kapena kuli mwamuna? Nenani, we are all adults."

Ndayankha kuti kulibe aliyense, ndikungokaona malo. Akachisi a Abuda.

"Kukaona basi? Mafano? Ndi ndalama zanu?"

Akuti abwera mawa. Sananene kuti adzatenga chikwama chawo.

Lachinayi, 14 Novembala

Tsiku loipa. Basi yochedwa, nsapato zolowa madzi, nkhalamba ina yandikalipira chifukwa mapilitsi ake asintha mtundu. Kufika kunyumba, nthumwi zitatu zili pakhomo ndi Mabaibulo.

Pokhala palibe, ndiye akhala pa katundu yemweyo. Amayi Gondwe pa chikwama chawo, mnzawo pa makina osokera, wachitatu, mayi wowonda amene amasamala okalamba ku Erdington konkuno, pa chitsulo cha a Zulu. Andipempherera. Atchula mwana wang'ombe wagolide uja wa m'chipululu. Atchulanso dzina langa kambirimbiri, kuti Kumwamba asandisokoneze ndi wina.

Ndikufotokoza kuti sindikukagwada, ndikukajambula. Ndafotokoza za Bambo, za Abama, za khonde la ku Dowa. Ndatulutsa kabuku. Amayi Gondwe akana kukagwira. Mayi wowonda uja wakatenga, wayang'ana Buda wogonayo nthawi yaitali, maso ake ofiira ndi tulo.

"Koma ameneyu ndiye amapuma, anzanga," watero. "Palibe omudzutsa kuti pali shift?"

Anzake amutsina pantchafu.

Potuluka ndaima pakhomo, ndikuyembekeza kuti wina anyamula chake. Palibe! Amayi Gondwe akuti katundu akhale kaye, Mulungu amasintha mitima. A Zulu aimba foni kuti amva za Burma, palibe vuto, ndingapitireko ku Chipata pobwerera.

Ali pageti, Amayi Gondwe atembenuka. "Komatu ine ndinaimba kale ku Area 18 Lamulungu lomwe lija. Ndinawauza kuti mwana wa Abama akubwera."

Chakudya chandikanika. Ndangomwa tiyi, nditakhala pa bulangeti la eni ake.

Lachisanu, 15 Novembala

M'mawa pasipoti yagwa pachitseko. Viza ilimo, chidindo chokongola, zilembo zozungulirazungulira ngati mikanda. Ndaipsompsona. Munthu wamkulu, wamadigiri, kupsompsona chidindo!

Chisangalalo chatha ndisanamange nsapato. Foni. Achemwali anga Esinati, kuchokera ku ofesi kwawo ku Lilongwe, akulankhula mothamanga abwana asanalowe.

Nkhani yayenda chonchi: mayi a ku Area 18 anauza mnzawo wa kwaya, wa kwayayo ali ndi mlamu wogulitsa fodya ku Dowa, mlamuyo anakafika pakhonde. Kalata yanga imatenga mwezi. Mphekesera yatenga masiku atatu.

"Bambo afika dzulo pa matola," akutero achemwali. "Ali kwathu ku Kawale. Achapitsa jekete lawo lausilikali lija. M'mawa uliwonse akufunsa kuti lero n'lachingati. Akuti akakuchingamira okha kubwalo la ndege."

Ndawauza zoona. Bama, akachisi, chithunzi, felemu.

"Iwe," atero. Kenako, "Iwe," kachiwiri. "Zimenezo uwauze wekha, ine ayi. Mawa masana uimbe kwa aneba, ndiwapititsa kumeneko."

Kuntchito ndawerenga mapilitsi a munthu mmodzi katatu. Ndili ndi mantha, ndipo ndakwiya, koma sindikudziwa kuti ndikwiyire ndani. Ulendowu ndi wa Bambo. Ndaukonzera iwo, ndadzimana chifukwa cha iwo. Tchuthi ndi chimodzi, thumba ndi limodzi. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo mvula ndiyo sikusowa kuno.

Madzulo belu kawiri. Sindinatsegule. Asiya pakhomo: wailesi, ndi katoni ya sopo.

Loweruka, 16 Novembala

Ndagula khadi la foni pa shopu ya pakona. Njira yonse ndikuyeseza mawu. Bambo, ndikupita kukakuchotserani chitonzo. Bambo, Dowa yonse idzakupepesani. Zikumveka bwino mumsewu.

Foni ikulira kutali. Aneba, kenako achemwali, kenako kukwekwereza kwa mpando. Mawu a Bambo achepa. Akufuula ngati akuitana munthu kutsidya kwa dambo.

"Mwana wanga! Wanyamuka?"

Ndayankhula zonse mwakamodzi osapuma. Bagan. Nsanja yagolide. Kuti zonse ankanena zija n'zoona, zili m'buku, Azungu amalipira kuti akazione. Kuti ndikaima paphazi la Buda wawo uja.

Aseka mpaka kutsokomola. "Akadagonabe? Ha! Ndinamusiya ali chomwecho. Musiyeni agone."

Ndati chithunzicho chikapachikidwa pakhonde, onse oseka aja aone.

"Oseka aja ambiri anagona kale kumsitu. Otsalawo aziseka, n'chimene akudziwa. Ine ndinamuona ndi maso anga, sindifuna mboni."

Ndikumva nkhuku za aneba, ndi mwana akulira penapake ku Kawale.

"Nanga chithunzicho ndidzachiona ndi chiyani, mayi? Maso anatha chaka chatha. Ndinawaletsa kukuuza, ndimati uli ndi zambiri kumeneko. Nditamva kuti ukubwera ndinati basi, ndikamugwire nkhope, ndimve ngati akudya."

Achemwali alanda foni. Akuti si ng'ala yopala ija, adokotala anayesa kale, anachedwa. Khadi latha ali pakati pa mawu.

Ine amene tsiku lililonse ndimapereka mankhwala a m'maso kwa nkhalamba za ku Erdington, n'kumazifotokozera kadonthezedwe kake! Ndakhala pa makina osokera, ndalira ngati mwana.

Kenako jekete, basi, mtawuni. Mnyamata wa ku ofesi ya maulendo akutseka kale, koma wandimvera chisoni. Za mahotela ndi akachisi zapita, sizibwerera. Mpando wa ku Lilongwe ulipo umodzi, Lachiwiri. Akundifunsa ngati ndatsimikiza, akuti Bagan mwezi uno ndiye pokongola penipeni. Ndamuuza kuti asandiuzenso.

Lamulungu, 17 Novembala

Mvula.

Kutchalitchi Amayi Gondwe apereka umboni. Mwana wathu anatsala pang'ono kupita kwa mafano, koma amayi anagwada Lachinayi, ndipo taonani! Mpingo wonse m'manja. Andiimiritsa kuti anthu andione. Popuma ndaphikanso tiyi, poti ndilipo.

Umboniwo wabala zipatso: maambulera awiri, chidole cholira, ndi mano oikirira a agogo a munthu wina ku Ntcheu.

Mayi wowonda uja wandikokera pambali. Alibe katundu. Akungopempha kuti ndikabwerako ndidzamubwereke kabuku kaja, akufuna aonenso uja wogona.

Madzulo onse ndikupakira, kukwera pa sikelo ya kubafa nditakumbatira sutikesi, kutsika, kuchotsa, kukweranso. Chitsulo cha a Zulu ndachikana, ndipo a Zulu sakundilankhula. Zina zonse zalowa.

Zanga zimene zikupita:
madiresi awiri
mswachi
mankhwala a malungo, amenewa okha ndiwo sanataye ntchito
masilipasi

Kamera yatsala. Malo ake yatenga ketulo. Felemu ndinagula kale, ili kuseri kwa chitseko, yopanda kanthu, ikhala momwemo. Viza iphwa yokha m'pasipoti. Ku Dowa mwana akanama azimuuzabe kuti wayamba za Abama, ndipo pakhonde sipadzakhala chomutsutsa. Zimenezi zikundiwawa, ndisaname.

Kabuku ndakaika m'thumba la jekete, poti jekete sapima. Ndikakhala nawo pamkeka ku Kawale, akatha kundigwira nkhope n'kundiuza kuti ndaonda, ndidzawawerengera tsamba la Buda wogona, ndi kutalika kwake monga alembera eni kabuku. Ndikudziwa kale chimene adzanene. Adzati olembawo alakwitsa, anali wamtali kuposa pamenepo.